Kulondola mapazi a msilikali wa Keyala kuchokera ku Mzuzu

Mukafunsa mnyamata wa kabaza pa Katoto kuti Moyale n'chiyani, akuuzani kuti ndi timu ya mpira, mikango ya ku Kaning'ina. Wachikulire pang'ono anena kuti ndi kampu ya asilikali, kwawo kwa batalioni yachitatu ya Malawi Rifles. Onsewa sakunama. Koma Moyale mwiniwake wa dzinali ali kutali, pa malire a Kenya ndi Ethiopia, tauni ya fumbi ndi ngamira, ndipo dzinalo linafika ku Mzuzu chifukwa cha zomwe anyamata a kuno kwathu anachita kumeneko mu Julaye 1940.

Italy italowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu Juni chaka chimenecho, linga laling'ono la Angerezi pa Moyale linkalonderedwa ndi kagulu kamodzi ka batalioni yoyamba ya King's African Rifles, imene makolo athu ankaitcha Keyala. Batalioni imeneyi inali ya ku Nyasaland. Ataliyana anaukira pa 1 Julaye, nabwereranso pa 10 Julaye ali ochuluka ndiponso ali ndi mizinga. Anyamatawo anapirira masiku angapo atazingidwa, madzi akuwathera, kufikira usiku wa pa 14 Julaye pomwe anatuluka mwakachetechete, kudutsa pakati pa adani mumdima, n'kukakumana ndi anzawo. Linga linatengedwa, koma kupirira kwawoko kunatchuka mu Keyala yonse, ndipo Malawi atakhala ndi asilikali akeake, kampu ya kumpoto inapatsidwa dzina limeneli.

Dzina la malo tinalisunga bwino. Mayina a anthu ndiwo anatipulumuka. Ndani mu Mzuzu muno angatchule ngakhale mmodzi mwa anyamata amene anali m'linga lija? Kumanyumba ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuba, kuli mabanja amene amangoti agogo anapita ku nkhondo ya Hitler osabwerako, kapena anatsalira ku Burma, nkhani n'kuthera pomwepo. Manda sanawaonepo, tsiku salidziwa, ndipo maliro analiridwa popanda mtembo. Pali zolembedwa zimene zingathandize banja lotere, ngakhale kuti zili zobalalika ndiponso zoperewera, ndipo kuperewera kwina kunachitika mwadala.

Woyamba kufufuza asataye nthawi kulemba mawu oti Mzuzu m'makaundula a nkhondo. Nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu zinatha mzinda uno usanabadwe. Mzuzu anayamba cha m'ma 1947 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mbewu zake ankayengera mafuta, ndipo anakhala mzinda mu 1985. Anthu amene adzaza mzindawu lero anachokera ku Ekwendeni, ku Embangweni, ku Usisya, ku Henga, ku Karonga, ku Chitipa, ndipo msilikali wawo analembedwa ndi mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake monga atsamunda ankalitchulira nthawi imeneyo. Pa nkhondo yoyamba, Mzimba ankalembedwa kuti Mombera, dera la Nkhata Bay ndi Chintheche linali West Nyasa, pomwe Karonga pamodzi ndi Chitipa zinali North Nyasa. Chitipa yemweyo pamapepala akale ndi Fort Hill. Wosadziwa zimenezi atha kudutsa pa dzina la agogo ake osawazindikira.

Dzina la munthu nalo lili ndi msampha wake. Mlembi wa Keyala kawirikawiri sankalemba mfunda. Ankalemba dzina la mnyamatayo, n'kutsatiza dzina la bambo wake, monga mmene khutu la mlembiyo lamvera. Mnyamata amene kwawo ankadziwika kuti ndi wa kwa Gondwe kapena wa kwa Mhango amapezeka m'kaundula opanda mfunda umenewo, ndipo dzina limodzi lomwelo litha kulembedwa mitundu iwiri kapena itatu m'mabuku osiyana. Ena ankasintha dala mayina polembetsa, mwina pothawa msonkho, mwina pobisalira makolo amene sanawalole kupita. Chinanso, chilankhulo cha mabatalioni a ku Nyasaland chinali Chinyanja, choncho Mtumbuka, Mtonga kapena Mngonde ankalandira malamulo, ngakhale dzina lomuitanira pa perete, m'chilankhulo chosakhala chake.

Chimene sichinama ndi nambala. Msilikali aliyense anali ndi nambala yake, ndipo imeneyi ndiyo imatsegula zitseko. M'nyumba zambiri nambalayi ilimo ndithu, eniake osadziwa. Tsegulani sutikesi yachitsulo ija imene inkakhala kunsi kwa bedi la agogo aakazi, momwe muli Baibulo lachitumbuka long'ambika chikuto, makadi a mpingo ndi malisiti a msonkho. Mukapezamo mendulo yozungulira ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918, musangoyang'ana nkhope ya mfumu George V. Itembenuzeni cham'mbali, mupukute mkombero wake ndi kansalu, muyang'ane pa dzuwa. Pamkomberopo anadindapo timalemba ting'onoting'ono: nambala, udindo, dzina, ndi batalioni, monga 1 KAR kapena 2 KAR. Mamendulo a nkhondo yachiwiri, monga nyenyezi ya Africa ndi nyenyezi ya Burma, Angerezi ankawapereka opanda dzina, koma amakuuzanibe dera limene munthuyo anamenyako. Apo nambala muifune pa kabuku kotulukira usilikali, pa chikalata cha penshoni, kapena pa kalata imene inabwera kudzera kwa bwana DC yodziwitsa za imfa. Kumbuyo kwa chithunzi nakonso muziyang'ana.

Nambala ikapezeka, poyambira posalira ndalama ndi kaundula wa bungwe la Commonwealth War Graves Commission, amene ali pa intaneti ndipo munthu atha kumutsegula pa foni ali ku Luwinga. Bungweli limasamala manda ndi zipilala za amene anafa ali pa usilikali kuyambira pa 4 Ogasiti 1914 kufika pa 31 Ogasiti 1921, ndiponso kuyambira pa 3 Seputembala 1939 kufika pa 31 Disembala 1947. Wopezekamo amaoneka ndi nambala, gulu lake, tsiku limene anafa ndi malo amene anaikidwa kapena chipilala chimene chili ndi dzina lake. Amene anafera ku Italian Somaliland ndi ku Ethiopia manda awo osadziwika, ambiri mayina awo ali pa chipilala cha East Africa Memorial ku Nairobi. Amene anatsalira m'nkhalango za ku Burma amapezeka ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, ena pa miyala ya manda, ena pa zipupa za Rangoon Memorial. Amene anafera ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, kumene mabatalioni onse awiri a ku Nyasaland anatumizidwa, mulibe m'kaundulayu chifukwa zaka zake zinali zitapyola.

Tsiku la imfa ndi dzina la batalioni zikadziwika, nkhani imayamba kufutukuka. Batalioni iliyonse inkalemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku pa nthawi ya nkhondo: tagona pati, tayenda mtunda wotani, mvula inagwa bwanji, tataya angati. Mabuku amenewa ali ku National Archives ya ku Britain, ku Kew mu London. A nkhondo yoyamba ali m'gulu lotchedwa WO 95, a ku East Africa pa nkhondo yachiwiri ambiri ali mu WO 169, a ku Burma mu WO 172. Apa m'pamene wofufuza ayenera kulimba mtima. Mkulu wa asilikali wachizungu akavulala ngakhale chala, bukulo limamutchula dzina ndi udindo. Anyamata akuda akafa, nthawi zambiri limangotchula chiwerengero, kuti afa angapo, avulala angapo. Mumadziwa kuti agogo anu ali m'kati mwa chiwerengerocho chifukwa tsiku likugwirizana, basi. Komabe si chinthu chaching'ono kudziwa kuti tsiku limenelo gulu lawo linali pa phiri lakuti, likuwoloka mtsinje wakuti.

Ndipo malowo ngodziwika. Mu Ogasiti 1940, patangopita mwezi kuchokera pa za ku Moyale, batalioni yachiwiri ya ku Nyasaland inali pa Tug Argan ku British Somaliland, kumene Angerezi anagonja n'kuthawira pa nyanja kupita ku Aden. Mu 1941 anyamata athu anali nawo pothamangitsa Ataliyana mu Ethiopia. Mu 1942 anakatsika ku Madagascar kukamenyana ndi Afalansa a boma la Vichy. Kenako anawoloka nyanja kupita ku Ceylon, ndipo mu 1944 gulu lalikulu la 11th East African Division linalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma nthawi ya dzinja, kulondola Ajapani mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Chigwacho chinali cha matope, malungo ndi nthenda ya typhus, moti matenda anagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Banja limene linauzidwa kuti mwana wawo anafa pa nkhondo lingapeze kuti anafera m'chipatala cha m'tenti, thupi likutentha. Zimenezi sizichepetsa imfa yake. Enanso alibe manda chifukwa anamira: pa 12 Febuluwale 1944 sitima ya Khedive Ismail, imene inanyamula asilikali a mizinga a ku East Africa kupita ku Ceylon, inaphulitsidwa ndi sitima yapansi pamadzi ya Ajapani, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anathera m'nyanja.

Amuna a ku Nyasaland amene analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri anali pafupifupi 30,000. A kumpoto, chifukwa cha sukulu za mishoni ya Livingstonia, ambiri ankatengedwa kukhala alembi, oyendetsa galimoto, otumiza mauthenga ndi othandiza m'zipatala. Choncho wofufuza wa ku Mzuzu asaumirire pa Keyala yokha. Agogo ake atha kupezeka m'magulu ena a asilikali a ku East Africa, a zamtengatenga, a zachipatala kapena a zamauthenga.

Nkhondo yachiwiri ili ndi mapepala ochulukirapo. Yoyamba, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, ndiyo yomvetsa chisoni, chonsecho ndi imene inamenyedwa pakhomo penipeni pa anthu a kumpoto. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen inanyamuka pa Nkhata Bay, kumunsi kwa mapiri omwewa, n'kuwoloka nyanja kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa gombe ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunali nkhondo ya pa Karonga. Kuyambira 1916 asilikali a mbali ya Angerezi otsogozedwa ndi General Northey analowa m'dziko limene Ajeremani ankalamulira kudzera kumpoto kwa nyanja, ndipo chakudya chawo, zipolopolo zawo ndi matenti awo zonse zinayenda pamitu ya anthu. Asilikali a ku Nyasaland pa nkhondo imeneyi anali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anayandikira 200,000, m'dziko limene anthu ake anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, okana ankagwidwa usiku, ndipo panjira ankafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany ku East Africa, anatula zida pa Abercorn, yomwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, ndipo obwerera kwawo anafika pamodzi ndi mliri wa fuluwenza.

Msilikali wa Keyala wa nthawi imeneyo angapezeke pa chipilala chachitali cha njerwa chimene chili polowera mu Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pomwe pali mayina a asilikali amene anafa. Angapezekenso m'mabuku a mamendulo ku Kew. Koma mtengatenga amene anagwa ndi katundu wake panjira ya ku Songea, mwayi womupeza ndi wochepa kwambiri. Ku Karonga kuli manda a nkhondo osesedwa bwino, okhala ndi mayina a azungu, Angerezi ndi Ajeremani omwe. Anthu akuda amene anafa tsiku lomwelo sanapatsidwe ulemu wofanana. Kwa zaka zambiri tinkayesa kuti mapepala anangosowa. Mu Epulo 2021 bungwe la manda lija linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a ku East Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo kuti tsankho la mtundu linali m'kati mwa zigamulo zimenezo. Akuluakulu a nthawiyo anaganiza kuti munthu wakuda sasamala za manda. Aliyense amene anaonapo mmene banja la ku Mzimba limasonkhera ndalama kuti mtembo ubwere kuchokera ku Joni, kapena mmene limasonkhanira pomanga chiliza, adziwa kukula kwa bodza limenelo. Nduna ya zachitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesa n'kwabwino, koma sikubweza dzina limene silinalembedwe.

Opulumuka nawo anayesedwa ndi muyeso womwewo. Nkhondo yachiwiri itatha, ndalama yothokozera msilikali wamba wachizungu ku East Africa inali mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pomwe wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Mukamva gogo wina akudandaula kuti Angerezi anawanamiza, si ukalamba ayi, mapepala a Angerezi omwewo akumuchitira umboni.

Kuno kwathu, mapepala akale a boma amasungidwa ku National Archives of Malawi ku Zomba. Kumeneko kuli makalata a ma DC, malipoti a pachaka a maboma, nkhani za kulemba asilikali ndi madandaulo a penshoni. Wopita kumeneko adziwiretu kuti mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma ku Zomba pamodzi ndi mapepala ambiri a zaka zam'mbuyo, ndiye kuti zaka za nkhondo ya chiwaya zenizenizo. Ife a ku Mzuzu za moto wotere sitichita kumva kwa wina: mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku ndi zolembedwa zosowa za dziko lino n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Pepala likakhala limodzi lokha, moyo wake uli pa ulusi. Malo ena oyenera kuyesa ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, nyumba ya Stone House ku Livingstonia, ndi mabuku a mipingo, chifukwa kaundula wa ubatizo kapena wa akhristu a pa Ekwendeni kapena pa Bandawe atha kukupatsani dzina lenileni la munthu ndi chaka chimene anasiya kuoneka. Bungwe la asilikali opuma la VELOM nalo lili ndi anthu odziwa njira za mapepala a penshoni.

Pomwe mapepala alephera, pakamwa pa anthu pathandiza. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo yoyamba, asilikali ndi amtengatenga omwe, ndipo mawu awo ndiwo anabala buku lake lotchedwa The Chiwaya War. Akanachedwa zaka khumi, akanapeza manda okhaokha. Ife tachedwa kale ndi a ku Burma, amene otsala ake ngowerengeka pa zala, koma ana awo alipo, ndipo amakumbukira nyimbo zimene bambo ankaimba akaledzera, chipsera cha pamwendo, mawu achiswahili kapena achihindi amene ankatukwanira mbuzi, dzina la mnzawo amene ankabwera kudzacheza pa Khirisimasi. Dzina la mnzawoyo musalitaye, chifukwa anyamata a mudzi umodzi ankalembetsa tsiku limodzi ndipo manambala awo amatsatana. Ngakhale malipenga amene Atonga amavina, ndi yunifolomu zoyera, ndodo, maudindo ndi kuguba kwake, ndi kaundula wa mtundu wina wa zomwe amuna anaona ku usilikali.

Tisamangoloza Angerezi chala. Imfa za asilikali athu a pambuyo pa ufulu nazo sitinazilembe bwino. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, mu Mzuzu momwemuno, a Malawi Young Pioneers anawombera ndi kupha asilikali a ku Moyale atakangana pamalo omwera mowa. Patangopita masiku ochepa asilikali a dziko lonse anayamba kulanda zida a Payoniya pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ambiri a iwo n'kuthawira ku Mozambique, ndipo njira ya ku chisankho cha 1994 inatseguka. Nkhaniyi imaphunzitsidwa, koma mayina a anyamata amene imfa yawo inayatsa motowo simungawamve pakamwa pa ana asukulu a mumzinda uno. N'chimodzimodzi amene anafa akulondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Yerekezani ndi Private Chancy Chitete, amene anaphedwa pafupi ndi Beni ku Congo mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania. Bungwe la United Nations linalemba zomwe anachita, ndipo mu Meyi 2019 linapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne ku New York. Mdzukulu wake sadzavutika kumufufuza. Kusiyana kwa iye ndi mtengatenga wa 1917 sikuli pa kulimba mtima, kuli pakuti wina anakhala pansi n'kulemba.

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la Novembala, akuluakulu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, lipenga limalira, nkhata zimaikidwa, ndipo anthu amakhala chete mphindi ziwiri. Ine ndimaona kuti mwambowu ukanakhala ndi mchere ukanakhala kuti wina akuwerenga mayina, mudzi ndi mudzi, monga timachitira polengeza zopepesa pamaliro. Mzinda uno uli ndi yunivesite imene imaphunzitsa mbiri, uli ndi nyumba yosungira zinthu zakale, uli ndi kampu ya asilikali ndi likulu la sinodi ya Livingstonia. Anayiwa atagwirizana, kaundula wa asilikali ndi amtengatenga a chigawo cha kumpoto atha kulembedwa popanda kudikira thandizo la ku London.

Koma iwo sangalowe m'nyumba mwanu kudzatsegula sutikesi. Ngati muli ndi mendulo, kabuku kapena kalata ya agogo, zijambuleni pa foni mbali zonse, mkombero womwe, mutumizire abale angapo kuti zisakhale pamalo amodzi. Lembani nambala, mudzi, mfumu ndi dzina la bambo wawo. Mukapita kumudzi mwezi uno, khalani pansi ndi azakhali aakulu muwafunse, foni ikujambula mawu, maliro asanakuitaneni.